Turbo ya hybrid pa Golf 5 TDI ku Joni: zomwe zaoneka patatha miyezi 14

Galimotoyi ndi VW Golf 5 2.0 TDI ya dizilo, ya injini ya BKD, yomwe imachoka ku fakitale ndi 103 kW, 320 Nm ndi turbo ya Garrett GT1749V. Inali yotchuna kale pakompyuta. Turbo yoyambayo itayamba kulira ngati ambulansi, njira zinalipo zitatu: kubwezerapo yofanana nayo, kuika hybrid, kapena kupita ku turbo yaikulu ya GTB2260VK yochokera pa 3.0 TDI ya Audi. Panamangidwa hybrid, kutanthauza chigoba chomwe chija koma chokumbidwa mkati kuti mulowe gudumu lokulirapo la kompresa. Yayenda makilomita pafupifupi 30,000, ambiri a m'tauni, kuphatikizapo ulendo umodzi wa Disembala wopita kumudzi kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, itasenza katundu mpaka kumbuyo kukhala pansi.

Chomwe chasunga turbo imeneyi ndi masamu a mpweya wa kuno, ndipo apa m'pamene abale ambiri amagwera m'mbuna. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750. Kupanikizika kwa mpweya wa kunja kuno kumakhala cha m'ma 0.83 bar, pomwe ku Durban ndi 1.01. Kompyuta ya injini imapempha boost, kutanthauza kupanikizika kwa mpweya womwe turbo imakankhira mu injini, powerengera pamodzi ndi mpweya wa kunjawo. Ikapempha 2.5 bar ku Durban, turbo ikupanikiza mpweya kawiri ndi theka. Ikapempha 2.5 yomweyo pamsewu wa N1 cha ku Midrand, kufupi ndi Joni, ikupanikiza katatu. Nambala pakompyuta ndi imodzimodzi, koma gudumu likuzungulira mothamanga kwambiri, ndipo mpweya ukutuluka wotentha. Fakitale inaikamo tebulo lochepetsa boost galimoto ikakwera kumtunda. Otchuna ena amangokopera fayilo yotchunira kompyuta ya injini yolembedwera misewu ya ku Ulaya n'kulifafaniza tebulolo, ndiye GT1749V yaing'onoyo imathamanga kupitirira malire ake tsiku ndi tsiku mpaka shafiti kuduka. Mwini galimoto amati anamugulitsa turbo yabodza, chonsecho yaphedwa ndi fayilo.

Ubwino wa gudumu lalikulu la hybrid ndi woti limapereka mpweya womwewo lisanafike pothamanga mowopsa. Koma fayilo inalembedwanso pa dyno (makina oyezera mphamvu za galimoto) ya konkuno, sensa ya boost inasinthidwa, ndipo tebulo la kumtunda lija linasiyidwa likugwira ntchito. Musamange turbo yatsopano pa fayilo yakale, ngakhale kwa sabata imodzi.

Pamsewu, galimoto imakoka bwino kuyambira cha m'ma 2,000 rpm mpaka kudutsa 4,000 osabanika, pomwe yakale inkatha mpweya isanafike pamenepo. Pansi pa 1,900 ndi yaulesi pang'ono kuposa kale, makamaka ponyamuka pamaloboti eyakoni ili yoyatsa. Zimenezo sizinasinthe ndipo sizidzasintha, ndi mtengo wa gudumu lalikulu. Mafuta ikumwa monga kale ngati phazi lili laulemu. Pazitunda zazitali itasenza katundu, geji ya kutentha kwa utsi ndiyo yoyang'ana: ikamayandikira 800 °C pamalo olowera mu turbo, tsitsani giya ndipo pepukitsani phazi. Gejiyo ndi yotsika mtengo kuposa china chilichonse chomwe chinamangidwa pagalimotoyi, ndipo ifeyo sitingatchune dizilo popanda iyo.

Vuto loyamba la turbo linabwera cha m'mwezi wachisanu ndi chiwiri. Pokwera chitunda mu giya 4, mphamvu zinkangotha mwadzidzidzi, ukazimitsa n'kulizanso zimabwerera. Kompyuta inaonetsa P0234, boost yopitirira. Gwero lake ndi mwaye. Turbo zamtunduwu zili ndi timapiko tosuntha mbali ya utsi, ndipo galimoto yongokwawa m'mizere ya pamphambano ya Gillooly's m'mawa ndi madzulo simatenthetsa utsi mokwanira kuti mwaye upse. Timapikoto timagwira titatsekeka, boost n'kukwera mopanda woiletsa. Musanachotse chilichonse, lumikizani VCDS (pulogalamu yoyezera galimoto za VW), tsegulani gulu 011, pondani mu giya 3 kapena 4 kuchokera pa 1,500 rpm, muyerekeze boost yopemphedwa ndi yomwe ikupezeka. Kudumpha pang'ono poyamba n'kubwerera msanga si vuto. Kukhalitsa pamwamba ndiye vuto. Kenako ikani pampu yamanja ya vacuum pa actuator, kachipangizo kosuntha timapikoto: ndodo yake iyende mosalala, ikagunde pa sikuluu yoimitsira geji ya pampuyo ikafika cha m'ma 18 inHg. Ikamayenda modukiza, chotsani turbo mutsuke mphete ya timapiko ndi manja. Mankhwala opopera otsukira turbo amangogula milungu ingapo. Onaninso valavu ya N75, yomwe imalamulira actuator, ndi timapaipi take ta vacuum, chifukwa kuuma ndi kung'aluka kwake kumanamizira turbo yabwinobwino. Chiitsukireni, galimotoyi imapatsidwa mtunda wa mphindi 20 pa haiwe sabata iliyonse, ndipo vutolo silinabwerere.

Sikuluu yoimitsira ija musaigwire. Inachunidwa pa benchi, ndipo kuipotoza theka lokha kumasintha momwe turbo imadzukira.

Zina zomwe zatopa si za turbo, koma zatopa chifukwa cha iyo. Paipi ya boost ya Golf 5 imagwidwa ndi kawaya pa timakutu tiwiri tachitsulo. Timakututo tikadyeka, paipi imafwamphuka ndi phokoso, utsi wakuda n'kudzaza msewu, kompyuta n'kulemba P0299, boost yoperewera. Inafwamphuka kamodzi, inasinthidwa pamodzi ndi mphira wake. Kilatchi ya fakitale inayamba kuterereka mu giya 5 ndi 6 pasanathe miyezi inayi, ndipo dual mass flywheel inasinthidwa nthawi yomweyo popeza giyabokosi inali kale pansi. Amene akuwerengera mtengo wa hybrid awonjezerepo ziwirizi, apo ayi adzaimika galimoto pabwalo kudikira malipiro a mwezi wamawa.

Za oyilo n'zachidule koma zosanyengerera. Injini ya mtundu wa PD ngati BKD imafuna wa VW 505.01, nthawi zambiri 5W-40, ndipo pagalimoto yotchuna timasintha pa makilomita 10,000 alionse. Pomanga, paipi yobweretsa oyilo ku turbo ikhale yatsopano, chifukwa yakale imakhala ndi makala mkati. Thirani oyilo pakamwa pa turbo n'kuzungulitsa shafiti ndi chala musanalize injini. Intercooler, choziziritsa mpweya wochokera ku turbo, itsukidwe: oyilo wotsalira wa turbo yakufa akakokedwa, injini ya dizilo imathamanga yokha ngakhale mutazula kiyi. Mukafika kuchokera pa haiwe, isiyeni ilire mphindi imodzi kapena ziwiri musanazimitse.

Nanga GTB2260VK? Mphamvu ili nazo zambiri, koma imafuna manifold yowotcherera, kusintha actuator yake yamagetsi, mapaipi ena ndi intercooler yaikulu, ndipo m'mpweya wopyapyala wa kuno imachedwa kudzuka kuposa momwe a kugombe ngati ku Durban amanenera. Kwa galimoto yopitira kuntchito ndi kumudzi, ndi katundu wolemera pachabe. Zotchipa zopanda dzina zomwe zadzaza m'mashopu a sipeya nazonso tazikana. Wogulitsa akalephera kuonetsa pepala la balancing ya pa makina a VSR, oyeza kunjenjemera kwa turbo ikuzungulira mothamanga, bwezani chikwama m'thumba.

Pa mwezi wa 14 paipi yolowetsa mpweya inachotsedwa kuti tione gudumu. Mapiko ndi athunthu, sanakhudze chigoba. Shafiti ikugwedera pang'ono chammbali, monga zimakhalira ndi mabeya oyandama pa oyilo, koma kutsogolo ndi kumbuyo siikusuntha. Mupaipi muli kachinyezi ka oyilo kochokera ku breather (kapaipi kopumira injini), osati dziwe. Tidzaitsegulanso ikakwana makilomita 50,000.