Debian 12 pa seva yaing'ono: mayina ake sasinthasintha

Ndimasamalira seva ya kampani yaing'ono, ndipo ndinaikapo Debian 12, mtundu wa Linux (pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse) womwe unatuluka mu 2023. Chimene chandisangalatsa kwambiri ndi nkhani ya mayina omwe Debian amapatsa makadi a netiweki ndi madisiki.

Kale khadi la netiweki linkatchedwa eth0, lina eth1, ndipo kompyuta ikayaka mayinawo ankatha kusinthana, malinga ndi khadi lomwe layamba kuoneka. Malamulo a firewall, pulogalamu yosankha zololedwa kudutsa pa netiweki, ankapita pa khadi lolakwika. Kuyambira Debian 9, mu 2017, dzina limachokera pomwe khadilo lalumikizidwa. Langa ndi enp3s0: en ndi Ethernet (netiweki ya waya), p3 ndi bus 3 ya PCI (njira yolumikizira makadi m'kati mwa kompyuta), s0 ndi slot (malo a khadilo panjirayo). Kuoneka kwake n'koipa ndithu, koma likakhala lakhala. Ka adaputa ka USB ndiye kamapatsidwa enx ndi nambala yonse ya MAC (nambala yakeyake ya chipangizo cha netiweki), dzina loti simungaliloweze pamtima ngakhale mutafuna.

Madisiki nawo, sda ndi sdb amasinthanabe mukasiya flash pa kompyuta n'kuiyatsa. Ubwino wake, poika Debian amalemba UUID (nambala yosasinthasintha yodziwira gawo la disiki) mu /etc/fstab, fayilo ya madisiki otsegulidwa poyatsa, osati sda1. Ine pokopera zosunga ndimagwiritsa ntchito /dev/disk/by-id, chifukwa pamenepo pamaoneka mtundu wa disiki ndi siriyo nambala yake, yomweyo yolembedwa pa chomata cha disikiyo.

Chenjerani pa chimodzi: mukawonjezera khadi lina m'kati (la PCIe) kapena disiki ya NVMe, manambala a bus amatha kusuntha, enp3s0 n'kukhala enp4s0. Lembani fayilo ya .link mu /etc/systemd/network yomangirira dzina ku MAC musanatsegule bokosi la kompyutayo.