Matayala a AT, ma shock ndi kompuresa pa Hilux yanga: mmene zagwirira ntchito ku Tsangano ndi Bembeke

Anthu akhala akundifunsa pa Lizulu kuti kodi achimwene zomwe mwaika pa galimotozi zimathandizadi kapena ndi zongokongoletsa, ndiye ndati ndilembe kamodzi aliyense awerenge yekha. Galimoto yake ndi Hilux ya dizilo, 3.0 D-4D, ndipo si yokayendera kunyanja ayi, ndi yogwirira ntchito. Ndimagula kachewere ndi kabichi kwa alimi ku Tsangano ndi Bembeke, nthawi zina kutsikira ku Bwanje, ndiye misewu yanga yambiri ndi yafumbi, miyala, zitunda, ndipo mvula ikayamba mu Disembala mpaka Malichi ndi matope okhaokha.

Ndiyambe ndi matayala chifukwa ndi pomwe ndalama yanga yabwerera. Ndinaika a AT (All-Terrain, oyenda pa tala ndi pa fumbi pomwe), a BFGoodrich KO2, saizi 265/70 R16, asanu pamodzi ndi sipeya. Abale anga kusiyana kwake ndi matayala a pa tala aja ndi kwakukulu zedi. Chomwe chimapha matayala ku Tsangano si misomali kwenikweni koma miyala yakuthwa yomwe imang'amba m'mbali mwa tayala, ndipo tayala likang'ambika m'mbali palibenso zomata, latha basi. Awawa m'mbali mwake ndi mokhuthala, mwala umangosiya kachizindikiro koma osalowa. Ndadutsa nawo nditadzaza matumba m'malo omwe kale ndinkayenda mtima uli m'mwamba, mpaka pano palibe lomwe lang'ambika. Pa chitunda chonyowa amagwira pansi bwino, ukaika 4L (giya yotsika yokoka ndi mawilo onse anayi) galimoto imangokwera pang'onopang'ono osapalasa.

Koma musamve ngati AT ndi tayala la matope enieni. Pa katondo wonyowa amayesetsa, koma mukalowa makande a ku Bwanje aja, dothi lakuda lomata lija, mipata ya tayala imadzaza yonse tayala n'kukhala losalala, apo ngakhale 4L imangozungulira pamodzimodzi. Oyenera pamenepo ndi a MT, opangidwira matope, a mano akuluakulu, koma amenewo pa M1 amalira kwambiri komanso amatha msanga, ndiye kwa ine amene ndimatuluka kumunda kenako n'kuyenda pa tala mpaka Lilongwe kapena Blantyre, AT ndi amene akugwirizana ndi ntchito yanga. Dziwaninso kuti tayala lililonse la mtundu umenewu ndi lolemera kuposa la pa tala, mafuta amakwerako pang'ono ndipo pa tala wonyowa, makamaka potsika Khwekhwelere kupita ku Golomoti ndi makona ake aja, pamafunika kuyamba kuponda buleki msanga.

Pogula onetsetsani manambala anayi omwe amakhala kumapeto kwa chilembo cha DOT m'mbali mwa tayala. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka, ndiye 2423 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 24 mu 2023. Tayala limakalamba ngakhale lisanayendepo, labala imauma n'kuyamba ming'alu, ndipo ndi mmene zinthu zinakwerera mtengo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, anthu ambiri akuthamangira a second hand osayang'ana chaka. Komanso onse akhale saizi imodzi mpaka sipeya yemwe, chifukwa mu 4H (giya yothamangira mawilo onse anayi akukoka) mawilo akutsogolo ndi akumbuyo amakhala atamangidwa pamodzi, ena akakhala aakulu ena aang'ono mukuvutitsa transfer box ndi ma difu, zomwe zimagawa mphamvu ya injini ku mawilo. Pa chifukwa chomwecho mukangofika pa tala wouma bwererani ku 2H (mawilo akumbuyo okha akukoka), izi ndimaziona anthu akulakwitsa pa Tsangano turn-off pomwe.

Chinthu chachiwiri ndi chotchipa kuposa zonse koma ndimachikonda kwambiri, kompuresa ya 12V yopopera matayala. Anthu ambiri sadziwa kuti theka la mphamvu ya 4x4 lili mu mpweya wa m'matayala. Ndikafika pa matope kapena mchenga ndipo katundu si wambiri ndimaphwetsa mpaka 1.6 kapena 1.8 bar, tayala limatambasuka pansi n'kugwira malo aakulu, malo omwe ukanatitimira umangodutsa. Ndikadzaza katundu sinditsitsa kwambiri choncho chifukwa tayala likhoza kuchoka pa rimu. Vuto linali loti ukaphwetsa upopa kuti, kumudzi kulibe filling station, ndipo kuyenda pa tala ndi tayala lofewa limatentha mpaka kuphulika. Panopa ndimangoima, kutsegula boneti, kupana pa batire injini ikulira, kupopa onse anayi n'kumapita. Gulani yopana pa batire mwachindunji, zija zolowetsa poyatsira fodya zimachedwa ndipo zimawotcha fyuzi. Imatentha ikagwira ntchito nthawi yaitali ndiye muziipumitsa. Pamodzi ndi iyo sungani geji yoyezera mpweya ndi ka kiti ka ma plug komatira pomwe paboola msomali, tayala la tubeless mumalimata lili pagalimoto pomwepo osamasula n'komwe. Ndathandiza nayo anthu ambiri panjira, a minibasi, a njinga zamoto, mpaka a ngolo.

Tsopano ma shock ndi ma spring. Apa mpomwe panalowa ndalama zambiri ndipo ndinaganizira nthawi yaitali ndisanagule. Ndinaika kiti ya Old Man Emu, ya kampani ya ARB ya ku Australia, ma shock onse anayi, ma coil kutsogolo ndi ma leaf spring kumbuyo. Galimoto inakwera pafupifupi masentimita 4 kapena 5, zomwe zikumveka zochepa koma m'misewu yomwe malole anakumba mizere iwiri yakuya pakati n'kusiya chulu, masentimita amenewo ndi amene amasiyanitsa kudutsa ndi kukhala pamimba. Kumbukirani kuti difu yakumbuyo siikwera ndi kiti yokweza galimotoyi, imakwera pokhapokha tayala likakula, ndiye muziyendetsabe ndi maso. Chomwe ndasangalala nacho kwambiri ndi chakuti ndikadzaza matumba kumbuyo sikugwanso mpaka kugunda pa ma bump stop (timalabala toletsa ekiselo kugunda chesesi), magetsi sayang'ananso kumwamba usiku, ndipo pa msewu wa mabampu ang'onoang'ono otsatizana aja galimoto siivinanso chammbali.

Ma leaf spring amabwera osiyanasiyana kutengera kulemera komwe galimoto imanyamula masiku onse, ndiye muuzeni wogulitsa zoona zake. Ine ndinatenga olimba chifukwa cha katundu, ndipo ndikamapita kumunda wopanda kanthu kumbuyo kumadumpha ndithu, okhala mpando wakumbuyo amadandaula. Ngati yanu ndi yonyamula banja ndi thumba limodzi la chimanga musatenge olimbawo, mudzadana nayo galimoto. Chinanso chomwe ndikufuna anzanga a geni ya kachewere amve, ma spring olimba sakutanthauza kuti Hilux yasanduka lole ya matani atatu. Mabuleki ndi omwe aja, ma bearing ndi omwe aja, chesesi ndi yomwe ija. Ndaonapo ma pick-up atapindika pakati pa kabini ndi bodi chifukwa cha kudzaza mopyola muyezo, ndipo kutsika Bembeke ndi katundu woposa mphamvu ya mabuleki ndi kuika miyoyo ya anthu pachiswe.

Omwe anandiikira ku Lilongwe ntchito anagwira bwino ngakhale anandisungira galimoto nthawi yaitali kuposa yomwe tinagwirizana, ndipo za alignment sananene kanthu mpaka ndinachita kufunsa ndekha. Mukakweza galimoto alignment ndi yofunika tsiku lomwelo apo ayi matayala atsopano aja adyeka mbali imodzi. Mukayendako pang'ono bwererani akamangenso ma U-bolt (mabawuti omanga ma leaf spring ku ekiselo) chifukwa ma spring atsopano amakhazikika, ndipo muziyang'ana ma boot a CV (timalabala tophimba majointi a mawilo) kutsogolo, akang'ambika girizi imatuluka mchenga n'kulowa.

Snorkel, paipi yokwera m'mbali mwa galimoto yomwe injini imakokera mpweya, ndili nayo ya Safari. Anthu amaganiza kuti ndi yowolokera mitsinje basi, koma kwa ife kuno phindu lake lalikulu ndi fumbi. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala ukakhala kumbuyo kwa lole pa msewu wafumbi injini imakoka mpweya kumwamba komwe fumbi ndi lochepa, ndipo air cleaner ndikuona kuti ikuchedwa kuda kusiyana ndi kale. Za madzi chonde musanamizidwe. Snorkel imateteza injini kuti isamwe madzi, koma siiletsa mtsinje kukokolola galimoto, siiteteza mawaya, ndipo ma difu amayamwa madzi kudzera m'timabowo topumira ngati simunaike mapaipi okweza timabowoto. Livulezi kapena Linthipe akadzaza, ngakhale kamtsinje kakang'ono komwe, dikirani madzi atsike. Poika aonetsetse kuti molumikiza monse amata bwino, snorkel yodontha imangokupatsa mtima wabodza.

Light bar ya LED yotchipa yomwe ndinagula pa shopu ina ndi yokhayo yomwe sindingauze munthu kuti agule. Inalowa madzi mvula yoyamba, mbali ina n'kuzima. Komanso ngakhale ikanakhala yabwino, chifunga cha Dedza ndi Bembeke mu Juni ndi Julayi kuwala koyera kochokera pamwamba kumangobwerera m'maso mwako ngati wayatsa tochi m'thumba la ufa. Ndinachotsa n'kuika ma fog light achikasu pansi pa bampala, amenewo ndiye amaonetsa m'mphepete mwa msewu. Ndipo inu amene muli ndi ma light bar muzizimitsa mukakumana ndi anzanu pa M1, mumachititsa khungu madalaivala pomwe m'mbali muli anthu oyenda pansi ndi a kabaza.

Bull bar, chitsulo chotchinga kutsogolo kwa galimoto, sindinaike ndipo ndi dala. Ndikudziwa imateteza radiator ukagunda mbuzi kapena ng'ombe, koma yachitsulo ndi yolemera, imafuna ma coil ake kutsogolo, ndipo zowotcherera m'magalaja zija zikhoza kusokoneza ma airbag. Chachikulu kwa ine ndi anthu. Ndimadutsa pa Lizulu tsiku la msika, ana, azimayi ali ndi madengu kumutu, njinga, onse m'mphepete mwa tala, ndipo chitsulo chimene chija chikakhudza munthu chimavulaza kwambiri kuposa bampala wamba. Amene mumayenda usiku kwambiri m'madera a ziweto mwina ikuthandizani, koma gulani yopangidwira galimoto yanuyo.

Winchi, makina a chingwe okokera galimoto ikatitimira, mnzanga wina ali nayo ya 9500 lb ndipo yamupulumutsapo, koma imafuna pomangirira, ndipo m'minda yambiri kuno mitengo ikuluikulu inatha. Ine ndimayenda ndi lamba wokokera wolimba, ma shackle awiri, fosholo, khasu ndi thabwa lokhuthala loikapo jeke pa dothi lofewa. Pokokana musamangirire pa tow ball (kampira kachitsulo kokokera ngolo kumbuyo), ikhoza kuthyoka n'kuuluka ndi mphamvu yoti ipha munthu, mangirirani pa malo okokera omangidwa ku chesesi ndipo anthu obwera kudzathandiza kukankha aime patali lamba akamakoka.

Chomwe chatsala pa galimotoyi ndi bash plate yachitsulo chokhuthala pansi pa injini, chifukwa ka lata kobwera nayo kaja kapindika kale ndi miyala ya ku Tsangano ndipo sampu ikaboola kumeneko oilo yense athera pansi uli kutali ndi makaniko. Ndikufuna yokhala ndi bowo lotsitsira oilo kuti pa sevisi asamachite kumasula yonse, ndiye ngati pali amene anaika yotere pa Hilux ya D-4D mundiuze kuti ndi ya mamilimita angati komanso ngati siikugunda difu yakutsogolo.