Mahedifoni amene ambiri amayamikira: zimene ndaona patatha chaka ndikuwagwiritsa ntchito

Alamu anga, amene amaphunzitsa kwaya kumpingo kwathu, anandifunsa posachedwapa ngati ndingawalangize kugula mahedifoni ofanana ndi amene ndakhala ndikugwiritsa ntchito kwa nthawi yopitirira chaka. Anati dzina lake amaliona likutchulidwa paliponse pa intaneti munthu akafunsa za mahedifoni abwino a mtengo wapakatikati, ndipo popeza ine ndili nawo, mawu anga ndi amene awatsimikizire. Sindinathe kuwayankha mwachidule, chifukwa kuvomera kukanakhala kuwanamiza, pomwe kukana kukanakhala kuwalakwira mahedifoniwo. N'chifukwa chake ndaganiza zolemba mwatsatanetsatane zimene ndaona.

Mahedifoniwa ndi a waya, ophimba khutu lonse, otseka kumbuyo, a mtundu umene amati ndi wa mu situdiyo. Ali m'gulu limodzi ndi mayina odziwika monga Sony MDR-7506 amene anatuluka mu 1991, Beyerdynamic DT 770 Pro, ndi Audio-Technica ATH-M50x amene anatuluka mu 2014, ngakhale kuti anga si amodzi mwa atatuwa. Ndinawagula ku Lilongwe kwa wamalonda wina amene amaitanitsa katundu ku Johannesburg. Ntchito imene ndinawagulira ndi yokonza mawu ojambulidwa, makamaka maulaliki, zokambirana ndi nyimbo za kwaya, koma madzulo ndimamveranso nyimbo zongosangalala nazo.

Zimene zikuyenda bwino sizifuna mawu ambiri. Thupi lake ndi lolimba ndipo mahinji ake sanayambe kugwedera. Waya ndi wochotseka ndipo ndikugwiritsabe ntchito woyamba uja. Foni ndi laputopu zimawayendetsa popanda amplifier, chipangizo chowonjezera mphamvu ya mawu. Magetsi akazima sindidandaula za kutchaja, ndipo phokoso la pamsewu amalitchinga mokwanira kuti ndigwire ntchito masana.

Vuto limene sindinasiyane nalo kuyambira mwezi woyamba ndi kuthwa kwa mawu okwera. Munthu ukangowavala umasangalala, chifukwa chilichonse chimamveka poyera: kupuma kwa mlaliki, chala chikutsetsereka pa nsambo ya gitala, ngakhale mpando ukusuntha kumbuyo kwa tchalitchi. Kumveka kotereku ndi kumene anthu ambiri amakuyamikira, ndipo m'mphindi khumi zoyambirira palibe angatsutse. Koma ikakwana ola limodzi, zinthu zimasintha kwa ine. Malembo monga s, ts, z ndi ch amayamba kubaya m'khutu, ndipo chilankhulo chathu chili nawo ambiri, moti mlaliki akanena mawu ngati "chisomo" kapena "tsiku" mokweza, ndimachita kutsinzina. Amayi a sopulano akakwera pamwamba, maseche akulira pambali, ndimafuna kuchepetsa voliyumu ngakhale kuti oimba tenala ndi besi akumveka bwinobwino. Ndikavula mahedifoniwo pambuyo pa ntchito ya maola awiri kapena atatu, makutu amakhala otopa ndipo sindifunanso kumva chilichonse, ngakhale nkhani za pa wailesi.

Khutu la munthu limamva mawu kuyambira pafupifupi 20 Hz mpaka 20,000 Hz (Hz ndi muyezo wa kukwera kapena kutsika kwa mawu), ndipo kuthwa kumene ndikunenaku kumakhala pakati pa 6,000 ndi 10,000 Hz, pamene pali kusisima kwa malembo aja. Mahedifoni ambiri a mu situdiyo amakweza chigawo chimenechi, ndipo kwa munthu wofufuza zolakwika m'mawu ojambulidwa zimathandiza. Koma kwa ine zinabweretsa vuto lina pa ntchito yeniyeniyo. Popeza mahedifoni ankandiuza kuti mawu akuthwa kwambiri, ndinkawafewetsa pokonza, ndipo nyimbo zija zikaseweredwa pa masipika a kutchalitchi zinkamveka zophimbika, ngati kwaya ikuimbira m'chipinda chotseka. Ndinayenera kubwereza ntchito ina yonse, ndipo masiku amenewo ndinali wokonzeka kuwagulitsa kwa aliyense amene akanabwera ndi ndalama.

Chimene chinandichititsa kuganiza mofatsa ndi chakuti m'nyumba mwathu momwemo anthu ena sankamva zimene ine ndinkamva. Mayi a kunyumba anawavala tsiku lina kumvera nyimbo za kwaya zomwezo ndipo anati sanamvepo mawu okoma chotero. Za kubaya m'khutu anati sakuziona. Mwana wa mchemwali wanga, mnyamata wa kusekondale amene amakonda nyimbo za amapiano, anati ndi abwino koma besi ndi yochepa, sagunda pachifuwa ngati timahedifoni take totsika mtengo. Anthu atatu, chipangizo chimodzi, nyimbo zina zofanana, koma aliyense ndi chigamulo chake, ndipo palibe amene ankanama.

Nkhani imeneyi akatswiri anaifufuza kale. Kampani ya Harman, imene ili ndi mayina a JBL ndi AKG ndipo inagulidwa ndi Samsung mu 2017, inachita kafukufuku wa zaka zingapo motsogozedwa ndi Sean Olive ndi Todd Welti, wofuna kupeza kamvekedwe ka mahedifoni kamene anthu ambiri amakonda akamamvera osadziwa dzina la chipangizo. Zotsatira zake ndi muyezo wotchedwa Harman target, umene unatuluka koyamba mu 2013 n'kukonzedwanso mu zaka zotsatira, ndipo lero olemba ambiri oyesa mahedifoni amaugwiritsa ntchito ngati poyezera. Koma mu 2019 ofufuza omwewo anaonetsa kuti omvera amagawika patatu. Pafupifupi 64 peresenti amakonda muyezowo momwe ulili, 15 peresenti amafuna besi yochuluka kuposa pamenepo, ndipo 21 peresenti amafuna besi yocheperapo. M'gulu lofuna besi yambiri munali makamaka amuna achinyamata, pomwe m'gulu lofuna yochepa munachuluka amayi ndi anthu okulirapo. Ndiye ngakhale muyezo wofufuzidwa mosamala chotero umasiya kunja munthu mmodzi mwa atatu alionse. Zili ngati mchere wa m'ndiwo za paukwati: wophika amathira mlingo woti ambiri akhutire, koma ena apempha wina ndipo ena adandaula kuti wawawa.

Palinso china chimene olangiza satchula kawirikawiri. Mahedifoni ambiri a mu situdiyo amene amatchuka kwambiri anapangidwa kafukufukuyu asanachitike, ndipo satsatira muyezo umenewu. Kutchuka kwawo kunachokera ku kulimba kwawo, ku mtengo wake, komanso ku chizolowezi cha anthu a m'masitudiyo ndi m'nyumba zoulutsira mawu, amene anawadziwa kwa zaka zambiri mpaka kuzolowera zofooka zawo. Munthu wotero akati ndi abwino akunena zoona za ntchito yake ndi makutu ake. Woyamba kumene amamva mawuwo ngati lonjezo lakuti nyimbo zake zonse zikoma, ndipo apa ndi pamene pamabwera kukhumudwa. Dandaulo langa la mawu okwera silikulowa n'komwe m'magulu atatu aja, amene amasiyana makamaka pa besi. Chigawo cha pamwambachi chimadalira kwambiri kaumbidwe ka khutu la munthu ndi mmene mahedifoni akhalira pamutu, moti ngakhale makina oyezera, amene ali ndi khutu lochita kupanga, satha kuneneratu bwinobwino zimene munthu wina adzamve.

Alamu aja ndinawaitana kunyumba kuti adzayese okha ndi nyimbo za kwaya yawo. Iwo ndi wopitirira zaka 60, ndipo munthu akamakula, mawu okwera kwambiri ndi amene amayamba kuzimirira m'khutu. Atamvera kwa nthawi anati, "Alamu, ine kubaya mukunenako sindikukumva, koma abambo a besi apita kuti?" Ndinazindikira kuti timiyendo ta magalasi awo tinkatukula makushoni ophimba khutu pang'ono n'kusiya mpata, ndipo mahedifoni otseka akangotaya mpweya chotero besi imachepa. Atavula magalasi, oimba besi anabwerera. Koma iwo sangawerenge nyimbo papepala popanda magalasi, choncho kwa iwo vuto ndi lina kotheratu, losiyana ndi langa. Ndinawalangiza kuti asagule asanayese ena a makushoni ofewa kwambiri atavala magalasi awo.

Ndiyenera kutchulanso za voliyumu. Zinadziwika kuyambira pa kafukufuku wa Fletcher ndi Munson wa mu 1933 kuti mawu akakhala apansipansi khutu silimva bwino besi. Munthu amene akuona kuti besi ikuchepa amakweza voliyumu, ndipo pa mahedifoni ngati anga kukwezako kumakweza pamodzi ndi kuthwa kuja. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata akumvera pa mlingo wa 80 dB (dB ndi muyezo wa kukula kwa phokoso). Mwana wa mchemwali wanga uja ndinamupeza kangapo atakweza mpaka ine ndili patali ndikumva, akusaka besi imene mahedifoniwa sanapangidwire, ndipo zimenezi zinandidetsa nkhawa kuposa kutopa kwa makutu anga.

Mtima wanga unabwerera pa mahedifoniwa nditaika pa laputopu pulogalamu yaulere ya equalizer, yokwezera kapena kutsitsira zigawo zosiyanasiyana za mawu. Ndinatsitsa pang'ono chigawo chozungulira 8,000 Hz, ndikuyesa mobwerezabwereza ndi ulaliki umodzi umene unkandivutitsa kwambiri, mpaka s uja anasiya kubaya koma osazimirira. Kusintha kwake kunandidabwitsa. Ndinayamba kugwira ntchito madzulo onse osatopa, nyimbo zimene ndinakonza zinayamba kumveka mofanana pa masipika, ndipo ndinaona kuti pansi pa kuthwa kuja panali mahedifoni abwino ndithu, amene amasiyanitsa bwino alito ndi tenala ngakhale kwaya itajambulidwa ndi maikolofoni imodzi. Kwa miyezi ingapo ndikanafunsidwa ndikanawayamikira ndi mtima wonse. Chovuta ndi chakuti kukonzaku kumakhala mu laputopu. Ndikawalumikiza ku mixer, makina osakanizira mawu a kutchalitchi, kapena ku kachipangizo kojambulira mawu, kuthwa kuja kumabwerera monga kale.

Kenako kunabwera kutentha kwa Okutobala ndi Novembala. Makushoni ake ndi a chikopa chochita kupanga, ndipo ndi thukuta chinayamba kusweka n'kumasiya tizidutswa takuda m'makutu ndi pakolala ya malaya. Siponji ya mkati inaphwa, khutu linayamba kukhudza nsalu yophimba kasipika, ndipo kamvekedwe kanasinthanso, moti equalizer ija ndinayenera kuikonza kachiwiri. Olemba za mahedifoni amene amakhala kumaiko ozizira amati makushoni amatenga zaka, koma kuno anga sanamalize chaka ali bwino.

Apa ndi pamene nkhani ikufika kwa wogulitsa. M'masabata oyambirira, nditaona vuto la kuthwa lija, ndinabwerera kusitolo ndi lisiti kukapempha kuti ndisinthe ndi mtundu wina, ndikulonjeza kuwonjezera ndalama ngati pangafunike. Anandiyankha mwaulemu koma mosasunthika: "Bwana, katunduyu sanawonongeke, ndipo bokosi mwatsegula kale, ndiye ine ndimugulitsa kwa ndani?" Ndinamumvetsa, chifukwa nayenso ndalama zake zili m'katunduyo, koma m'sitolo mwake munalibe ngakhale mahedifoni amodzi otsegula oti munthu ayese asanalipire. Ambiri mwa anthu amene amapereka malangizo pa intaneti amakhala kumene kubweza katundu n'kosavuta. Ku Britain, mwachitsanzo, wogula pa intaneti ali ndi masiku 14 oti asinthe maganizo. Kwa iwo malangizo akalakwika, chotayika ndi nthawi yochepa. Kwa ife chotayika ndi ndalama zonse, ndipo kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja ngati ameneyu si wogula kawiri.

Za makushoni zinandipweteka kwambiri. Waranti anati sikhudza makushoni chifukwa ndi zinthu zotha ndi ntchito, ndipo zimenezo ndinavomera. Analonjeza kuitanitsa enieni a kampani yake, ndinapereka theka la ndalama, ndipo ndinadikira milungu yambiri ndikumva kuti vuto ndi ndalama zakunja. Atafika, mtengo unali utakwera mpaka kuyandikira gawo limodzi mwa magawo anayi a mtengo wa mahedifoniwo, ndipo sanali enieni aja koma ansalu a kampani ina. Ndi ozizira bwino pakhutu, sindingakane, koma nsalu imadutsitsa mpweya, choncho besi inachepa, phokoso la panja linayamba kulowa, ndipo mawu okwera aja anaonekera kwambiri. Wogulitsayo sanaone kusiyana kulikonse. Kwa iye makushoni ndi makushoni bola akukwana.

Lero ndikawerengera mtengo wogulira, wa makushoni, ndi ntchito imene ndinabwereza, ndalama zake zikanakwana mahedifoni ena amene ndikanasankha ndi makutu anga. Sindiwagulitsa, chifukwa ndingaluze kwambiri ndipo pa laputopu akugwira ntchito yabwino tsiku lililonse. Wokonza mawu amene ali wokonzeka kugwiritsa ntchito equalizer ndingamulangize kuwagula, koma wofuna besi yamphamvu, wovala magalasi, kapena wotopa msanga ndi mawu akuthwa ndingamuletse. Wogulitsa uja tinakambirana kachiwiri, ndipo wavomera kubweretsa makushoni enieni pa ulendo wake wotsatira wa ku Johannesburg n'kuchotsera ndalama zimene ndinalipira kale. Ndamuuza kuti sindiperekanso ndalama ina iliyonse mpaka nditawaona ndi kuwayesa m'sitolo momwemo.