Salah kapena Mané: Wakutsogolo Uti Ananyamula Liverpool ya Klopp?

Mukaika zigoli pa tebulo, mkangano umatha msanga. Mohamed Salah anafika ku Liverpool kuchokera ku Roma mu 2017, ndipo chaka choyamba chomwecho anachinya zigoli 32 mu ligi, 44 m'mipikisano yonse. Sadio Mané, amene anabwera kuchokera ku Southampton mu 2016, anachoka mu 2022 atagoletsa 120 m'masewero 269. Nzambiri ndithu, koma sizifika pa za Salah.

Komabe amene ankaonera timu ya Jürgen Klopp sabata ndi sabata amadziwa kuti Mané ankagwira ntchito zomwe sizilembedwa m'mabuku a zigoli. Salah amadikirira mbali ya kumanja, alandire mpira, alowe m'kati ndi mwendo wake wamanzere, awombe. Otchinga kumbuyo onse amadziwa zimene achite, koma amalepherabe kumugwira. Mané anali wina. Ankachinya ndi miyendo yonse iwiri komanso ndi mutu, ankabwerera kumbuyo kukathandiza Andy Robertson, ndipo Luis Díaz atafika mu 2022 anasamutsidwira pakati, nkupitiriza kugoletsa osadandaula. Kumbukirani usiku wa ku Munich mu March 2019, pa masewero a Champions League ndi Bayern Munich: mpira wautali wa Van Dijk, Mané nkuutsitsa, nkumuzungulira goloboyi Manuel Neuer, nkuukweza pang'ono kulowa muukonde. Liverpool inapambana 3-1, zigoli ziwiri za Mané. Mu fainolo ya chaka chimenecho ndi Tottenham, penate imene Salah anagoletsa inachokera pa mpira wa Mané womwe unagunda mkono wa Sissoko wa Tottenham.

Za kudzikonda, otsatira Mané ali ndi poyambira. Ku Burnley mu August 2019 anatuluka m'bwalo akulalata chifukwa Salah anamumana mpira ali pabwino. Koma wakutsogolo wopanda dyera la zigoli timu ingapindule naye chiyani? Chaka cha 2018/19 onse awiri anathera pa zigoli 22, nkugawana mphoto ya wogoletsa kwambiri mu ligi ndi Aubameyang wa Arsenal, kusonyeza kuti Mané nayenso sanali mngelo akaona golo.

Ku matimu a mayiko awo, Mané ndiye anaseka. Senegal, yomwe ija Flames inalepherana nayo 0-0 m'magulu, inagonjetsa Egypt pa mapenate mu fainolo ya AFCON mu February 2022, Mané akumenya yotsiriza. Mwezi wotsatira anawalandanso malo a ku World Cup, Salah ataphonya yake.

Chondipangitsa kutenga Salah ndi kukhalitsa. Mané anakhala chaka chimodzi chokha ku Bayern Munich, kenako anapita ku Al Nassr. Salah anatsala, Firmino nkuchoka, Klopp nkuchoka, iye mu 2024/25 nkugoletsa 29 ndi kupatsira anzake 18 mu ligi, mphunzitsi watsopano Arne Slot nkutenga chikho cha ligi. Pa masewero amodzi a wafawafa ndingasankhe Mané wa 2019, koma pa masewero 38 a ligi, jezi ndikupatsa Salah.