China kapena India, chipani chimodzi kapena mavoti?

Anthu akamati demokalase ya azungu siyiyenera maiko akuluakulu a mitundu yambirimbiri amathamangira kuloza China. Zoona ndithu, chiyambire 1978 pomwe mtsogoleri wa dzikolo Deng Xiaoping anamasula zamalonda anthu mamiliyoni ambiri atuluka mu umphawi, njanji za sitima zothamanga amangoyala basi, palibe otsutsa okoka nkhani kupalamenti. Koma chipani cholamula chomwechi cha Komyunizimu ndi chimene chinadzetsa njala ya 1959 mpaka 1961 yomwe inapha anthu mamiliyoni, akuluakulu a m'zigawo ankanamiza likulu kuti zokolola zachuluka poopa kulangidwa, boma n'kumatenga tirigu ndi mpunga wambiri kwa alimi pamene kunalibe nyuzi yoti iulule.

Za India ndi zochedwa, zotopetsa kwabasi. Zilankhulo 22 zovomerezeka, chisankho cha 2024 anachita kuchigawa kasanu ndi kawiri poti olembetsa anali pafupifupi 970 miliyoni, katangale ndi ndale za zipembedzo ndiye musanene. Komabe nduna yaikulu Indira Gandhi atalanda anthu ufulu mu 1975 anam'gwetsa ndi voti mu 1977, ndipo chilandirireni ufulu wodzilamulira mu 1947 njala yopululutsa anthu ngati ya China ija sinagweko. Ine ndingasankhe India, olo pa misewu ndi mafakitale China yawasiya kutali.