Polarstern ndi S.A. Agulhas II: Sitima Ziwiri Zoswa Ayezi

Zonse ziwiri zimayenda pokwera pamwamba pa ayezi n'kumuswa ndi kulemera kwazo, koma anazipangira ntchito zosiyana.

Polarstern ya ku Germany ndi nkhalamba, inayamba ntchito mu 1982. Ndi yotalika mamita 118 ndipo imadutsa mu ayezi wochindikala mita imodzi ndi theka osaima. Mu 1991 inafika ku North Pole. Chimene chimandigometsa kwambiri ndi ulendo wa kafukufuku wotchedwa MOSAiC: mu September 2019 inanyamuka ku Tromsø, doko la ku Norway, asayansi n'kukaisiya dala kuti iundane mu ayezi wa ku Arctic. Inatengeka ndi ayeziyo miyezi yambirimbiri, mumdima wa nyengo yozizira, iwo akuyeza mpweya, madzi ndi tizamoyo ta pansi pa ayezi, mpaka inabwerera ku Bremerhaven, doko la kwawo ku Germany, mu October 2020.

S.A. Agulhas II ya ku South Africa anaipanga ku Finland ndipo inayamba ntchito mu 2012. Ndi yaitali kuposa inzakeyo, mamita 134, koma imaswa ayezi wa mita imodzi basi. Ntchito yake yaikulu ndi mtengatenga: kupititsa anthu, mafuta ndi chakudya ku SANAE IV, malo a kafukufuku a South Africa ku Antarctica, komanso kuzilumba za Marion ndi Gough, kafukufuku akuchitikira m'njira. Musaiderere komabe, chifukwa ndi iyo inanyamula gulu limene linapeza Endurance, sitima yomira kalekale ya wofufuza malo Ernest Shackleton, mu 2022 pansi pa nyanja ya Weddell ku Antarctica, mamita 3,008 kuya kwake.

Pa kafukufuku wofuna kukhalitsa mkati mwa ayezi wolimba, ine ndingasankhe Polarstern ngakhale yakalamba. Germany yalamula kale kuti apange ina yoilowa m'malo.