Amoniya kapena Jik: iti ya ntchito iti?

Amoniya ya m'botolo ndi mpweya wosungunulidwa m'madzi, kawirikawiri 5 mpaka 10 peresenti, ndipo fungo lake limalasa m'mphuno. Imayeretsa mafuta omatirira pachitofu, magalasi a mawindo n'kuwala opanda mizere chifukwa imauma msanga. Koma majeremusi siyiwatha. Apo mpofunika Jik. M'chimbudzi, makamaka nyengo ya kolera, ine ndimasankha Jik basi, ngakhale imasukulutsa zovala.

Chonde musazisakanize. Zikakumana zimatulutsa mpweya wa chloramine, wowawa m'maso, wobanikitsa pachifuwa, woti ukhoza kupha munthu m'bafa lotseka.

Amoniya yotsala ichepetseni mphamvu ndi madzi ambiri, mawindo ali otsegula, muithire m'sinki momwe simunathiremo Jik. Botololo litsukeni, muliboole, kuti ana asatungiremo madzi akumwa.